Kupita ndi Ana ku Mapaki ndi ku Malo Ophunzirirako Zachilengedwe: Mafunso ndi Mayankho

Makolo ambiri amalakalaka kuti ana awo aidziwe mitengo, mbalame ndi madzi oyenda pozionera okha ndi kuzikhudza, osati pa zithunzi za m'foni zokha. Koma tsiku la ulendo likamayandikira mafunso amachuluka: kodi mwanayu sanachepe, nanga akakumana ndi njoka, nanga akangofika n'kuyamba kulirira kunyumba? Mayankho ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yakuti ulendo wa mwana uyenera kuyenda pa liwiro la mwanayo, ndipo gawo la wamkulu ndi kuteteza ndi kudikira.

Kodi paki ya mumzinda, paki ya nyama ndi malo ophunzirirako zachilengedwe ndi chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo kusiyana kwake kumakhudza kakonzedwe ka ulendo wonse. Paki ya mumzinda ndi malo amene anasiyidwa dala pakati pa nyumba ndi misewu kuti anthu azipumulirapo. Pamakhala udzu wotchetchedwa, mitengo yodzala, mipando, akatungwe, ndipo nthawi zina dziwe. Ganizo loti munthu wamba akhale ndi malo otere si lakale kwenikweni. Birkenhead Park ya ku England, imene inatsegulidwa mu 1847, imatchulidwa kawirikawiri kuti ndi imodzi mwa mapaki oyamba kukonzedwa ndi ndalama za anthu onse kuti aliyense alowemo. Frederick Law Olmsted wa ku America ataiona mu 1850 anachita chidwi poona olemera ndi osauka akuyenda m'tinjira timodzimodzi, ndipo mu 1858 iye ndi Calvert Vaux anapambana mpikisano wojambula mapulani a Central Park ya ku New York.

Paki ya dziko, imene ambiri amangoitchula kuti paki ya nyama, ili ndi cholinga china. Inakhazikitsidwa kuti iteteze nyama, zomera ndi malowo, kotero kuti munthu akalowamo ndi mlendo amene ayenera kutsatira malamulo a eni ake. Yellowstone ya ku United States, ya mu 1872, ndiyo imadziwika kuti ndi yoyamba. Mu Africa, Virunga ya ku Congo inakhazikitsidwa mu 1925, Kruger ya ku South Africa mu 1926, ndipo Nairobi National Park, kumene munthu amaona mikango ndi zipembere kwinaku nyumba zazitali za mumzinda zikuonekera chapatali, inatsegulidwa mu 1946. Palinso minda ya zomera, monga Kew ya ku London imene inayamba mu 1759 ndi Kirstenbosch ya ku Cape Town ya mu 1913, kumene mitengo yambiri ili ndi tizikwangwani ta mayina.

Malo ophunzirirako zachilengedwe nthawi zambiri amakhala aang'ono kuposa onsewa: kanyumba kosungiramo nthenga, mafupa, zisa zakale ndi mapu, tinjira tafupitafupi todutsa m'nkhalango kapena m'dambo, ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuyankha mafunso. Kwa banja lokhala ndi ana aang'ono, malo amenewa ndiwo oyenera kuyambirapo, chifukwa anakonzedwa ndi anthu amene amadziwa kutalika kwa mwendo wa mwana.

Mwana ayambe kupita ali ndi zaka zingati?

Palibe msinkhu woyambira. Khanda loberekedwa limamva mphepo ndi kuona kuwala kukuvina m'masamba, bola likhale pamthunzi. Chimene chimasintha ndi kutalika kwa ulendo. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu angathe ola lathunthu pa mtunda wa mamita 200, ndipo ulendo wotere ndi wokwanira. Wa zaka zisanu ndi chimodzi amafuna kokafika, kaya ndi mathithi kapena mwala waukulu, pomwe wa zaka khumi amasangalala mukamupatsa mapu kuti atsogolere. Dziwani kuti maulendo ena a m'mapaki a nyama, makamaka oyenda pansi ndi mlonda, amakhala ndi malire a zaka, choncho funsani musananyamuke.

Kodi phindu lake ndi lenileni, kapena ndi kungosangalala?

Kusangalala pakokha ndi phindu lokwanira, koma palinso zina zimene zimayezeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi zotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndipo a zaka 3 ndi 4 azikhala akuyendayenda ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180. Mwana amene ali panja sachita kuuzidwa kuti athamange. Malo okumbikakumbika, mizu yotuluka pamtunda ndi miyala yodumphira zimaphunzitsa mapazi ndi msana kudzisunga, zomwe simenti yosalala singachite.

Phindu limene ambiri salidziwa ndi la maso. Vuto losaona patali lafala kwambiri pakati pa ana, makamaka m'mizinda ya kum'mawa kwa Asia, ndipo ofufuza apeza kuti ana amene amakhala nthawi yaitali panja saliyamba kawirikawiri ngati anzawo okhala m'nyumba. Zikuoneka kuti kuwala kwa masana, kumene ngakhale pamthunzi kumaposa kutali nyali za m'chipinda, kumathandiza kuti diso lisakule motalika kwambiri. N'chifukwa chake kuyambira mu 2010 boma la Taiwan linayamba kulimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse. Mfundo imeneyi ikutiuza chinthu chofunika: chimene chimathandiza si ulendo umodzi waukulu pachaka, koma kutuluka kawirikawiri.

Tisankhe malo otchuka akutali kapena apafupi?

Maganizo anga ndi akuti malo apafupi amene mungapiteko kakhumi amaposa malo otchuka amene mungapiteko kamodzi. Wamkulu amakopeka ndi dzina la malo ndi ukulu wa nyama, koma mwana wamng'ono amene wakhala maola anayi m'galimoto, atamangidwa lamba ndi kuuzidwa kuti asasokose, amaiona njovu ali wotopa kale, ndipo n'kutheka kuti chimene adzakumbukire ndi buluzi wa pakhoma la chimbudzi. Izi sizikutanthauza kuti mapaki aakulu ndi osafunika. Ana okulirapo, amene angathe kudikira ndi kuyang'anitsitsa, amapindula nawo kwambiri, ndipo kuona gulu la njati likumwa madzi ndi chinthu chosaiwalika. Koma ulendo wotere umakoma kwa mwana amene anaphunzira kale kuyang'ana.

Kubwerera pamalo amodzi kumamupatsa mwana chinthu chimene ulendo umodzi sungamupatse, chomwe ndi kuona kusintha. Mtengo umene anauona uli ndi maluwa adzaupeza uli ndi zipatso, kenako utayoyola masamba. Dziwe limene munali mbululu adzalipeza muli tiachule tokhala ndi michira. Akayamba kunena kuti "mtengo wanga uja" mudziwe kuti malowo alowa mumtima.

Posankha, yang'anani zinthu wamba zimene zimaononga maulendo ambiri: kodi pali mthunzi, madzi akumwa ndi chimbudzi, kodi kanjira kake n'kozungulira kapena mudzabwerera momwe munadzera, ndipo kodi chipata chimatsekedwa nthawi yanji.

Tikafika tizikachita chiyani?

Funso limeneli limabwera chifukwa akuluakulu timaganiza kuti mwana ayenera kupatsidwa zochita. Nthawi zambiri chofunika ndi kuchepetsa liwiro basi. Mwana akaima pa mzere wa nyerere, imani naye, gwadani, muone kumene zikuchokera ndi zimene zanyamula. Akuluakulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu amenewa ndi oona ngakhale mutawatenga monga momwe alili, chifukwa nkhono imatulutsa tinyanga take tokhala ndi maso kunsonga pokhapokha itaona kuti palibe choisokoneza. Mwana amene wadikira mpaka kuziona izi waphunzira zambiri kuposa amene wayenda makilomita atatu akukokedwa dzanja.

Komabe pali masewera ena othandiza pamene chidwi chazirala. Khalani pansi nonse, mutseke maso kwa mphindi imodzi, ndipo aliyense awerenge ndi zala phokoso lililonse limene wamva. Poyamba ana amati palibe chimene chikumveka, koma posachedwa amayamba kusiyanitsa kulira kwa mbalame ziwiri, mphepo ya m'udzu ndi njuchi yodutsa. Mungawatumenso kuti apeze chinthu chosalala, chinthu chokhakhala, tsamba lodyedwa ndi mbozi ndi mbewu youluka ndi mphepo. M'mphepete mwa madzi kapena pamchenga wonyowa fufuzani mapazi a nyama, ndipo muwafunse kuti nyamayo inkalowera kuti komanso ngati inkathamanga. Ndowe nazo zimawasangalatsa ana kwambiri, ndipo zimanena zambiri za chimene nyama inadya, malinga azione ndi kamtengo osati ndi manja.

Nthawi ya tsiku ndi yofunika. Mbalame zimayimba ndi kudya kwambiri m'mamawa, maukonde a akangaude amaoneka bwino mame asanaume, ndipo agulugufe ndi atombolombo amachuluka dzuwa likatentha. Masana enieni nyama zambiri zimabisala, ndiye banja limene lafika nthawi imeneyo limabwerera likunena kuti kulibe kanthu.

Ngati malowo ali ndi wophunzitsa kapena mlonda woyenda ndi alendo, musamulambalale. Munthu amene amayenda kanjira komweko tsiku ndi tsiku amadziwa nthambi imene kadzidzi amagonapo, ndipo ana amamvetsera mlendo wovala yunifomu mwa njira imene samvetserera makolo awo. Mapaki ena ali ndi ndondomeko za ana, monga Junior Ranger ya m'mapaki a ku United States, kumene mwana amapatsidwa kabuku ka ntchito zoti achite ndipo akamaliza amalandira baji.

Nanga mwana akafunsa dzina la mbalame kapena mtengo umene sindiudziwa?

Muuzeni kuti simukudziwa, kenako muyang'ane limodzi. Mlomo wake ndi wautali kapena waufupi, imayenda modumpha kapena moponda mwendo umodziumodzi, ili yokha kapena pagulu? Mwana amene wayankha mafunso amenewa waidziwa mbalameyo kuposa amene wangouzidwa dzina. Dzinalo mungalipeze pambuyo pake m'buku, kwa ogwira ntchito pamalopo, kapena pa mapulogalamu a pafoni monga iNaturalist, ndi Merlin wa ku Cornell Lab of Ornithology amene amathandiza kuzindikira mbalame. Chenjezo langa ndi lakuti foni ituluke pomaliza osati poyamba, chifukwa ikangotuluka maso onse amachoka pa mbalame n'kupita pa galasi.

Titenge chiyani?

Madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufunika, chakudya chopepuka, zipewa, nsapato zotseka zimene mwana anazolowera kale, zovala zosinthira, sopo kapena mankhwala osambira m'manja, thumba lotayamo zinyalala ndi kabokosi ka chithandizo choyamba. Mwana wodwala mphumu kapena amene thupi lake limadana ndi mbola ya njuchi asachoke popanda mankhwala ake. Kagalasi kokuzira zinthu ndi kabuku kojambulamo zimagwira ntchito kuposa zoseweretsa zonse. Mwana aliyense wotha kuyenda anyamule kachikwama kake, ngakhale mutakhala botolo lokha.

Tingawateteze bwanji ku dzuwa, kutentha ndi mphenzi?

Dzuwa limapweteka khungu kwambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ngakhale kunja kuli mitambo. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisakhale padzuwa ayi. Ana okulirapo avale chipewa chachikulu ndi kudzola mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza), ndipo adzolenso pakatha maola awiri kapena akatuluka m'madzi. Ana achialubino amafunika chisamaliro chapadera: malaya aatali manja, magalasi a dzuwa, ndi ulendo wa m'mawa kapena madzulo. Mwana wotengeka ndi masewera sanena kuti ali ndi ludzu, choncho muzimupatsa madzi asanapemphe. Akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, mupite naye pamthunzi, mumasule zovala ndi kumunyowetsa thupi. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala. Musasiye mwana m'galimoto yoimika padzuwa, ngakhale kwa mphindi zochepa, chifukwa m'kati mwake mumatentha msanga kuposa kunja.

Za mphenzi, lamulo ndi losavuta: mukamva bingu ndiye kuti muli pamalo amene mphenzi ingafike. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, kotero ana angawerenge nthawi yapakati pa kung'anima ndi kugunda kuti adziwe kutalika kwake, koma achite zimenezi ali kale pobisala. Pobisala pabwino ndi m'nyumba ya makoma kapena m'galimoto yotseka. Pansi pa mtengo wautali woima pawokha, pamwamba pa phiri, pabwalo loyera ndi m'madzi ndi malo oopsa. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatulukenso.

Kodi nyama zakutchire si zoopsa kwa ana?

Zingakhale zoopsa, ndipo ngozi zambiri zimachitika pamene munthu wayandikira kwambiri, nthawi zambiri pofuna chithunzi. Malamulo a mtunda alipo pa chifukwa. Ku Yellowstone alendo amalamulidwa kukhala mamita osachepera 23 kuchokera pa njati za kumeneko ndi mamita 91 kuchokera pa zimbalangondo ndi mimbulu. Ku Kruger munthu saloledwa kutsika m'galimoto kupatula pamalo osankhidwa. Kulikonse kumene muli, nyama ikasiya kudya n'kukuyang'anani, kapena ikayamba kusuntha chifukwa cha inu, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Nyama yokhala ndi mwana ndiyo yoopsa koposa. Kumalo kumene kuli zilombo zolusa, ana aang'ono aziyenda pakati pa akuluakulu, asathamangire kutsogolo kapena kutsalira m'mbuyo.

Kudyetsa nyama kumaoneka ngati chifundo koma mapeto ake ndi oipa. Anyani ndi apusi amene azolowera kulandira chakudya kwa anthu amasiya kuopa, amayamba kulanda, ndipo amasankha kulanda kwa mwana chifukwa ndi wamng'ono. Nyama yotere ikaluma munthu, kawirikawiri imaphedwa. Ngakhale buledi amene anthu amaponyera abakha m'maiwe a m'mapaki sawapatsa thanzi, ndipo wotsala amaola n'kuipitsa madzi. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama ina iliyonse, kuphatikizapo galu wosadziwika kapena mleme, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chimapeweka ndi katemera koma zizindikiro zikangoyamba sichichizika.

Palinso chifundo china chimene chimaononga, chomwe ndi kutola ana a nyama. Mwana wa mbawala wogona yekha mu udzu nthawi zambiri sanatayike. Mayi wake anamubisa dala ndipo adzabwera kudzamuyamwitsa anthu akachoka. Kamwana ka mbalame kokhala ndi nthenga kamene kakudumphadumpha pansi kakuphunzira kuuluka, makolo ake ali pafupi. Mu 2016 alendo ena ku Yellowstone ananyamula mwana wa njati m'galimoto yawo poganiza kuti akumva kuzizira, gulu lake linamukana atabwezedwa, ndipo oyang'anira paki anakakamizika kumupha. Nkhani imeneyi ndi yomvetsa chisoni, koma ndi yoyenera kuwauza ana okulirapo. Mukaona nyama yovulala, uzani ogwira ntchito pamalopo.

Nanga njoka, nkhupakupa, udzudzu ndi zomera zapoizoni?

Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, ndipo anthu ambiri amalumidwa akaiponda, akaigwira kapena akafuna kuipha. Phunzitsani ana kuti asalowetse dzanja m'una kapena pansi pa mwala pamene sakuona, aziponda pamwamba pa chipika m'malo mochidumpha, ndipo akaona njoka aime, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kuitana wamkulu. Mwana akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, ndipo musamange mwamphamvu ndi chingwe, chifukwa zonsezi zimaonjezera vuto. Muvuleni zothina, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule m'malo momuyendetsa, ndipo mupite naye kuchipatala mwachangu. Musataye nthawi kusakasaka njokayo.

Nkhupakupa zimadikirira pa nsonga za udzu ndipo zina zimafalitsa matenda, monga Lyme ku Ulaya ndi ku North America. Mukafika kunyumba yang'anani m'tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Mukaipeza, igwireni pafupi ndi khungu ndi kachitsulo kotsinira n'kuikoka molunjika, osaiotcha kapena kuipaka mafuta, ndipo mwana akatentha thupi kapena kutuluka zidzolo m'masabata otsatira, mukamuuze dokotala za nkhupakupayo. Kumadera a malungo, valani zovala zofika m'manja ndi m'miyendo kukamada, gonani m'neti, ndipo ngati mukuchokera kumene kulibe malungo funsani dokotala za mankhwala oteteza ulendo usanafike. Mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET asapakidwe pa khanda losakwana miyezi iwiri.

Pa zomera lamulo likhale limodzi lopanda kukambirana: palibe cholowa m'kamwa popanda chilolezo cha wamkulu amene akuchidziwa bwino. Bowa wina wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa, ndipo kuona mbalame ikudya chipatso si umboni woti munthu angachidye.

Kodi ana angasambe kapena kusewera m'madzi?

Pano ndi pamene ndikupempha makolo kuti akhale okhwima kuposa pena paliponse, chifukwa madzi amatenga ana ambiri. Ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chomira, ndipo mwana wamng'ono angamire m'madzi osafika n'komwe m'mawondo. Kumira sikuchita phokoso. Mwana sakuwa kapena kukupiza manja monga momwe ambiri amaganizira, amangolowa pansi mwakachetechete anthu ali pafupi akucheza. Ngozi zambiri zimachitika pamene akuluakulu achuluka, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira. Choncho sankhani munthu mmodzi pomutchula dzina, asagwire foni, ndipo akatopa apereke udindowo kwa wina momveka. Kwa mwana wamng'ono, woyang'anirayo akhale pafupi moti atatambasula dzanja amugwire. Zoseweretsa zopopa mpweya sizilowa m'malo mwa jekete yoyandamitsa.

Funsaninso za madziwo. Mtsinje ungaoneke wodekha pamwamba pomwe pansi ukukoka, ndipo ungadzaze mwadzidzidzi chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona. M'madera otentha mungakhale ng'ona ndi mvuu, komanso likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa kudzera pakhungu. Safunsa anadya phula: ogwira ntchito pamalopo amadziwa pamene pali posambika.

Mwana akasochera achite chiyani, nanga ife tichite chiyani?

Muphunzitseni musananyamuke, modekha, kuti akangozindikira kuti sakukuonani aime pomwepo, akhale pafupi ndi mtengo umodzi, ndipo asayese kufunafuna njira. Mwana woyendayenda amavuta kumupeza chifukwa amachoka pamalo amene afufuzidwa kale n'kupita kutali. Mupatseni wenzulo ndi kumuuza kuti aziimba katatu, kupuma, n'kuimbanso katatu, popeza mawu amatha msanga koma wenzulo imamveka patali. Chinthu chimene makolo ambiri amaiwala ndi kumutsimikizira kuti sadzakalipiridwa, chifukwa ana ena otayika amabisala osayankha poopa chilango kapena poopa mawu a anthu osawadziwa. Muuzeni kuti tsiku lotere ayenera kuyankha aliyense womuitana dzina.

Kumbali yanu, muvekeni zovala zowala, mumujambule chithunzi m'mawa wa ulendo, ndipo muike kapepala ka nambala yanu ya foni m'thumba mwake. Akasowa, kumbukirani pamene munamuona komaliza, wina atsale pamenepo, yang'anani kumadzi poyamba, ndipo dziwitsani oyang'anira malowo nthawi yomweyo osadikira kuti mwina atulukira.

Kodi mwana angatole maluwa, miyala kapena nthenga n'kupita nazo kunyumba?

M'malo otetezedwa ambiri n'zoletsedwa, ndipo ndi bwino kumufotokozera chifukwa chake m'malo mongomuletsa. Duwa lothyoledwa silibereka mbewu ndipo njuchi siipezapo chakudya. Chipika choola ndi nyumba ya tizilombo tambiri, ndipo chigoba chopanda kanthu cha m'mbali mwa nyanja yamchere chingakhale nyumba ya nkhanu ina. Komabe chilakolako chotola ndi chachibadwa kwa ana ndipo sichiyenera kuphedwa. Angasonkhanitse masamba ogwa ndi timiyala pamalo amodzi, n'kuzijambula, kenako n'kuzibwezera. Akatembenuza mwala kuti aone zapansi pake, aubwezere momwe unalili. Zinyalala zanu zonse, ngakhale makoko a zipatso, zibwerere nanu.

Bwanji ngati mwana ali ndi ulumali, kapena amaopa tizilombo?

Mapaki ambiri ndi minda ya zomera ali ndi tinjira tosalala kapena ta matabwa todutsika ndi njinga ya olumala, koma imbani foni kaye kuti mufunse za masitepe, zimbudzi ndi malo otsetsereka. Mwana wosaona amapeza zambiri m'makungwa, m'fungo la masamba ofikisa ndi m'kulira kwa mbalame. Amene amasokonezeka ndi phokoso ndi khamu amachita bwino m'mamawa kapena pakati pa sabata, makamaka akauzidwiratu zimene zidzachitike.

Mwana wamantha asakakamizidwe kugwira kanthu, ndipo asasekedwe. Ayambe kuonera patali, ali m'manja mwanu, ndipo aone inu mukuyang'ana kachilomboko modekha. Nthawi zambiri mantha a mwana amachokera pa nkhope ya wamkulu amene ali naye.

Kodi tiwalole kukwera mitengo ndi kudzidetsa?

Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna kuti ana adziwe zachilengedwe, tiyenera kuvomereza zovala zakuda ndi mawondo osupuka. Sukulu za mkaka za m'nkhalango, zimene zinayamba ku Denmark cha m'ma 1950 n'kufalikira ku Germany ndi kumayiko ena, zimalola ana aang'ono kukhala panja pafupifupi tsiku lonse, mvula kaya dzuwa, akukwera, kukumba ndi kumanga ndi timitengo, aphunzitsi akuyang'anira chapafupi. Ganizo lawo ndi lakuti mwana amaphunzira kuyeza ngozi pokumana ndi ngozi zing'onozing'ono zimene akuziona, pomwe ntchito ya wamkulu ndi kuchotsa zoopsa zimene mwana sangazione, monga nthambi youma, chisa cha mavu, magalasi osweka kapena mawaya a magetsi odutsa pafupi.

Pokwera mtengo, onani kaye ngati malamulo a pamalopo akulola komanso ngati pansi pake pali pofewa. Mwana asankhe nthambi zamoyo ndi zonenepa, aponde pafupi ndi thunthu, ndipo nthawi zonse manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, zikhale zitagwira. Musamukweze pamalo amene sangafikepo yekha, chifukwa mwana amene wakwera ndi mphamvu zake amakumbukira pamene anaponda ndipo amatha kutsika, pomwe wokwezedwa amakakamira m'mwamba. M'malo momangofuula kuti "ugwa", mufunseni kuti, "Phazi lako uliika pati tsopano?" Akatsika, asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, ndipo kabala kalikonse katsukidwe ndi madzi oyera n'kuphimbidwa.